Tikamakwera njinga tiziima, koma tiyambe tapempha eni malo

Anzanga okwera njinga zamoto muno mu Blantyre, ndili ndi maganizo, mundimvere. Loweruka likafika timathira mafuta, kuthamangira ku Mulanje kapena ku Zomba, kudya tchipisi, kujambulitsa, basi n'kubwerera. Munthu akakufunsa zimene waona m'njira, umangokumbukira phula ndi mathiraki amene unawapitirira. Ine zimenezi zinayamba kundiwawa, makamaka mmene mafuta akudulira masiku ano.

Chaka chatha mphwanga anandionetsa masewero otchedwa geocaching. Wina amabisa kabotolo penapake, mkati muli kakope ndi pensulo, n'kuika manambala a GPS a malowo pa intaneti. Iwe umalondola manambalawo ndi foni, ukakapeza umalemba dzina lako ndi tsiku, n'kukabwezera pomwe kanali. Ukatengamo kanthu umasiyamo kenanso. Zinayamba mu May 2000, boma la America litasiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba. Pa 3 May chaka chomwecho Dave Ulmer anabisa ndowa ku Oregon, ndipo lero padziko lonse pali zobisidwa zoposa 3 miliyoni. Kuno kwathu n'zochepa, ndiye ife anayi tinayamba kubisirana tokha, manambala n'kumatumizirana pa WhatsApp.

Masewero amenewa amagwirizana kwambiri ndi njinga. Pamakona otsikira ku Chikwawa paja, galimoto ungaimike pati? Njinga umangoipatutsa pang'ono. Tsiku lina ndinaima pamenepo ndisanafike pa Thabwa, foni ikuti kwatsala mamita 40. Ndinazimitsa injini, kunangoti zii, kumangomveka kulira kwa chitsulo chikuzizira. Foni imakufikitsa pafupi chabe, kotsalako ndi maso ako. Ndinatembenuza miyala itatu, pansi pa wachinayi ndinapeza botolo la chiponde lokulungidwa m'jumbo. Nditadzutsa mutu, Shire uyo akukhotakhota kumunsi, chigwa chonse chili poyera. Msewu umenewu ndaudutsa kosawerengeka, koma sindinaimepo n'kamodzi komwe.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani yanga. Ndikulemba dzina m'kakope muja, kunatulukira bambo wachikulire, khasu lili paphewa.

"Wawa mwanawe. Mukutani pamenepo?"

Ndinavula chipewa msanga, n'kuwapatsa moni. Anandiuza kuti botololo analiona kalekale, ndipo analetsa adzukulu awo kudutsa pamenepo poganiza kuti ndi nsupa. Ndinalitsegula iwo akuona, ndinawaonetsa kakope, pensulo ndi mayina a anzanga. Anapukusa mutu.

"Nanga osadzandiuza bwanji? Malo ano ndi anga."

Ananena zoona, ndipo ndinachita manyazi. Milungu itatu yathunthu banja limayenda ndi mantha chifukwa cha masewero athu. Tisaiwale 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mlendo wobisa nkhope m'chipewa, foni m'manja, akufufuza m'tchire, anthu angamuganizire zambiri, ndipo sindingawadzudzule.

Choncho ine ndikuti musanabise chilichonse, kaonaneni ndi mwini munda, ndipo ngati n'kumudzi kagogodeni kwa amfumu. Malamulo a masewerowa amanena kale kuti upemphe chilolezo komanso usakumbe pansi, koma kuno kwathu tiwonjezerepo zathu. Kumanda ndi kudambwe musayandikireko. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ili ndi eni ake ndi alonda. Chakudya musaikemo, anyani aphwasula botolo tsiku lomwelo. Ndipo foni muziiyang'ana mutaima, osati mukutsetsereka pakona.

Bambo aja lero ndi amene amatisungira botololo. Mvula yoyamba itagwa analisunthira pamwala wokwera kuti kakope kasanyowe, ndipo dzina lawo lilimo patsamba lachitatu.

Mwezi wamawa tikufuna tikabise lina cha ku Chiradzulu, kufupi ndi mishoni ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe, kuti wolifuna akaonenso kumene John Chilembwe anayambira nkhondo ya 1915. Ndipitako kaye ndekha kukapempha. Amene ali ndi njinga, chipewa ndi pensulo andiuze, tidzanyamukira ku Limbe 7 koloko m'mawa.