Ndege ya ku Saxonwold ndi kachitini ka agogo

Loweruka lapitali ndinapita ndi mwana wanga wamwamuna ku nyumba yosungiramo zida zakale zankhondo ku Saxonwold, pafupi ndi Johannesburg Zoo. Nyumbayi anaitsegula mu 1947 ndi Jan Smuts, nduna yaikulu ya South Africa panthawiyo, ndipo muli akasinja, mizinga, mifuti ndi ndege zimene ambirife timangoziona pa kanema. Mnyamatayu anakakamira pa ndege ya Ajeremani yotchedwa Messerschmitt Me 262, yoyamba mwa ndege zomenyana za injini za jeti kulowa m'nkhondo, mu 1944. Yomwe ili kunoyi ndi ya mipando iwiri, yosakira adani usiku, ndipo kumphuno kwake kuli tizitsulo ta radar tooneka ngati nyanga. Ndinamufotokozera monyadira kuti inkathamanga kuposa makilomita 800 pa ola, koma injini zake zinkatha msanga chifukwa Germany inali itasowa zitsulo zopirira moto monga nickel ndi chromium.

Ali chiyang'anire ndegeyo, anandifunsa kuti, "Adadi, nanga agogo anu aja mumati anapita kunkhondo, iwowo ankakwera iti?" Ndinamuyankha kuti iwo sankakwera ndege, ankayenda pansi. Atandifunsa kuti ankayenda kuchokera kuti kupita kuti, mawu anandithera. Ndinachita manyazi kuona kuti ndikudziwa bwino matenda a injini ya Mjeremani kuposa ulendo wa munthu amene anabereka mayi anga.

Agogo anga anali msilikali wa King's African Rifles, gulu limene kumudzi ankangoti Keyala. Zimene ndikudziwa lero ndinazitola atamwalira kale: kuti asilikali a ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940, ku Abyssinia (lero Ethiopia), ku Madagascar mu 1942, kenako anawoloka nyanja kupita ku Ceylon (lero Sri Lanka) ndi ku Burma (lero Myanmar), kumene mu 1944 gulu la 11th East African Division linatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula yosalekeza mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin, likulimbana ndi Ajapani, matope ndi malungo nthawi imodzi. Koma zimenezi ndi za gulu lonse. Za iwo eni ndimangokumbukira kachitini ka bisiketi kamene ankasunga pansi pa bedi. M'katimo munali mendulo, imodzi yake yooneka ngati nyenyezi ya nsonga 6, yokhala ndi kansalu ka mizere yofiira, yabuluu ndi yachikasu. Mwezi wa November ukafika ankazitulutsa, kuzikwecha ndi phulusa ndi ndimu, n'kuzipachika pa jekete lawo lotuwa. Mvula yamphamvu ikamagwa pa malata, ankasiya kulankhula n'kukhala chete mpaka itakata, ndipo ife ana tinkaseka poganiza kuti nkhalamba ikuopa mabingu. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anakhala nawo pansi n'kuwafunsa.

Maganizo anga ndi akuti ife Amalawi tinalandira mbiri ya nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse ngati nkhani ya azungu, pamene inadutsa pakati penipeni pa midzi yathu. Mu August 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann panyanja yathu yomwe ija, ndipo mwezi wotsatira kunali nkhondo ku Karonga. Amuna miyandamiyanda anatengedwa kukhala a tengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu kudutsa m'nkhalango za ku German East Africa (mbali yaikulu ya dzikoli lero ndi Tanzania), ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda, osaomberako ngakhale chipolopolo chimodzi. John Chilembwe analemba kalata yodandaula za magazi a anthu akuda okhetsedwa m'nkhondo yosawakhudza, miyezi yochepa asanaukire mu January 1915. Makolo athu nkhondo imeneyo ankaitchula kuti ya Chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Lero mukatchula chiwaya mnyamata amaganiza za tchipisi. Ngakhale malipenga ndi beni amene timavina, ndi mayunifolomu ake ndi kaguba kake, anachokera ku perete wa asilikali omwewa.

Ena adzati tili nacho chipilala cha ku Zomba, ndipo chaka chilichonse akuluakulu amakaika nkhata za maluwa. Ndi zoona, ndipo sindikuchepetsa mwambowo. Anzathu a kuno nawonso anamanga chikumbutso ku manda a Avalon ku Soweto cha amuna oposa 600 amene anamira ndi sitima ya Mendi popita kunkhondo pa 21 February 1917. Koma chipilala chimasunga dzina ndi nambala basi; sichingakuuzeni chimene munthu ankadya ku Burma, nyimbo imene ankayimba poguba, kapena chifukwa chake atabwerako sankafuna kumva mvula pa malata. Ndegenso ija, ngakhale aipukute chotani, imangonena za luso la amene anaipanga.

Msilikali amene anali ndi zaka 20 mu 1944 lero wapitirira zaka 100, choncho otsala ndi owerengeka. Chimene chatsala ndi zimene ana awo anamva pakhonde madzulo, ndipo ana amenewo ndi azimayi ndi azibambo athu omwe timawaimbira pa WhatsApp mwezi ukatha, n'kungokamba za ndalama ya feteleza ndi ya sukulu.

Titabwerera kunyumba usiku womwewo ndinaimbira mayi anga aang'ono, mwana womaliza wa agogo. Poyamba anadabwa, nati, "Mwanawe, zimenezi wazikumbukira bwanji lero?" Kenako anandiuza kuti kachitini kaja kalipo, ngakhale kuti njenjete zinadya tinsalu tonse ndipo mendulo imodzi inasowa pa maliro. Anati bambo awo ankakonda kunena za mnzawo wina wa ku Mulanje amene anamukwirira m'mbali mwa msewu wamatope, ndipo anandiuza kuti dzina la mnzawoyo aliiwala koma alikumbukira akagona. Ndawauza kuti ndiimbanso Lamulungu likubwerali, ndipo mwana wanga wakonza kale kope ndi cholembera.