Sewero lanthabwala likatha mphamvu, lizitha basi

Usiku wa dzulo ndinatseka laputopu ndili wokwiya, ndipo mpaka pano mtima wanga sunatsike. Kwa miyezi ingapo tsopano, ine ndi mlamu wanga takhala tikuonera sewero la ku America lija la Two and a Half Men, magawo awiri kapena atatu tikamaliza kudya madzulo, kuyambira sizoni yoyamba ya mu 2003 osadumpha ngakhale gawo limodzi. Dzulo tinalowa m'sizoni ya 12, yomwe ndi yomaliza, pamene Walden Schmidt, mwini watsopano wa nyumba ya m'seweroli, akumanga ukwati wachinyengo ndi Alan Harper n'cholinga chongoti aloledwe kutenga mwana woti amulere. Tinakhala duu mphindi makumi awiri zathunthu, phokoso la anthu oseka likutuluka m'masipika, ife tikungoyang'ana ngati tili pa mzere wa kuchipatala. Gawolo litatha, mlamu wanga anandicheukira n'kundifunsa kuti, “Alamu, kodi inu mwasekako pati?” Ndinasowa chowayankha, chifukwa sindinaseke paliponse, ndipo nditaganiza bwino ndinazindikira kuti papita milungu yambiri ndikuonera seweroli mongokwaniritsa mwambo.

Sindipita m'mbali, sewero lanthabwala likakhalitsa pa kanema limaola, ndipo amene amalikoka kuti lipitirire amakhala akudziwa kuti laola. Amatipatsa dzina lomwelo, nyimbo yoyambira yomweyo, nyumba yomweyo ndi mipando yomweyo, koma chimene chinkatiseketsa chija chimakhala chitachoka kalekale. Zimenezi zimandipweteka chifukwa ndi kunyoza munthu amene wakhala wokhulupirika kwa zaka, amene amabwerera madzulo alionse akuyembekeza kuti mwina lero ziyambanso kukoma.

Taganizirani dzina la sewerolo, lomwe likutanthauza amuna awiri ndi theka. Mwamuna woyamba anali Charlie Harper, wopeka tinyimbo totsatsira malonda, wokonda mowa ndi akazi, mwini nyumba ya m'mphepete mwa nyanja ku Malibu. Wachiwiri anali mng'ono wake Alan, amene mkazi wake Judith anamuthamangitsa ndipo anabwera kudzapempha pogona. Theka lija linali Jake, mwana wa Alan wa zaka khumi, amene ankamva zonse zimene akuluakulu ankalankhula n'kumazibweza pa nthawi yolakwika. Nthabwala yonse inagona pamenepo, pa mwana wosalakwa amene akukulira pakati pa amuna awiri olephera, aliyense wolephera mwanjira yake. Koma mwana sakhala mwana mpaka kalekale. Angus T. Jones, amene ankasewera Jake, anakula pamaso pathu, mawu anasintha, ndipo olemba atasowa chochita naye anamusandutsa chitsiru, kenako anamutumiza ku usilikali, mpaka anasowa m'nkhanimo. Charlie Sheen, amene ankasewera Charlie, naye anachotsedwa ntchito mu 2011 atanyoza poyera Chuck Lorre, mmodzi mwa amene anayambitsa seweroli. Pa anthu atatu amene dzinalo likuwatchula panatsala mmodzi yekha, koma seweroli linapitirirabe mpaka mu 2015 ndi dzina lomwelo, likafika magawo 262. Kumeneko ndi kugulitsa thumba lolembedwa kuti mpunga pamene m'katimo muli gaga.

Gawo loyamba la sizoni ya 9 sindidzaliiwala. Analiyamba ndi maliro a Charlie, n'kutiuza kuti anagundidwa ndi sitima ku Paris, ndipo akazi amene ankayenda nawo anadzaza mipando akumunena zoipa. Kenako Alan ali ndi phulusa la mkulu wake m'manja, anadzidzimuka poona Ashton Kutcher, amene ankasewera Walden, ataima pa windo ali wonyowa, phulusa lija n'kumwazika m'nyumba yonse. Anthu oposa 28 miliyoni ku America anaonera gawo limenelo, ndipo ena amatchula chiwerengero chimenechi ngati umboni wakuti seweroli linali likadali lamoyo. Ine ndikukana. Galimoto ikagubuduzika pamsewu anthu amakhamukirapo ochuluka kuposa pa ukwati, koma palibe amene amati ngozi ndi yokoma. Anthu aja anabwera kudzaona mmene munthu amaikidwira m'manda asanafe, ndipo atakhutira ambiri anabwerera kwawo.

Wina asandiuze kuti vuto linali kuchoka kwa Sheen kokha, chifukwa kuola kunayamba iye akadalipo. Sewero likatalika, anthu ake amasiya kukhala anthu, aliyense amatsala ndi khalidwe limodzi lokha lomwe olemba amalikokera mpaka lifike posakhulupirika. Alan wa m'masizoni oyambirira anali munthu watsoka koma wamanyazi, amene umamumvera chisoni uku ukumuseka. Alan wa kumapeto ndi nkhupakupa yopanda manyazi, yomatirira m'nyumba ya mlendo, ndipo nthabwala yake ndi imodzi yokha yakuti safuna kutulutsa ndalama ndipo sadzachoka. Nthabwala imeneyo ndinaimva kopitirira kakhumi m'sizoni imodzi. Chimodzimodzi Joey wa mu Friends, sewero lomwe linayenda kuyambira 1994 mpaka 2004. Poyamba anali mnyamata wosaphunzira kwambiri koma wochenjera pa za moyo, koma pofika sizoni ya 10 anali atasanduka munthu wolephera ngakhale kubwereza mawu atatu a Chifalansa amene mnzake Phoebe wangomuuza kumene. Munthu wamkulu wotere kulibe, ndipo ukasiya kukhulupirira kuti munthuyo angakhalepo, kuseka kumathera pomwepo. Akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule, koma awa amafuna kuti tichezere zaka khumi ndi ziwiri ndi nyimbo imodzi.

The Office ya ku America inandipweteka koposa, chifukwa imeneyo inapatsidwa khomo labwino lotulukira koma inakana kutulukapo. Steve Carell, amene ankasewera bwana Michael Scott, anachoka mu 2011, m'sizoni ya 7, ndipo aliyense amene anaonera akukumbukira Michael Scott ali pa bwalo la ndege, akuvula kachipangizo kojambulira mawu n'kukapereka, kenako Pam, mmodzi wa antchito ake, akumuthamangira kudzatsanzikana naye ife osamva zimene akulankhulana. Pamenepo nkhani ya ofesi ya Dunder Mifflin ku Scranton inali itatha, ndipo inatha mwaulemu. M'malo motseka chitseko, anawonjezera masizoni ena awiri mpaka 2013, akusinthasintha mabwana ngati akuyesa makiyi pa loko wa eni ake, akubweretsa James Spader kuti adzakhale Robert California, munthu amene sankagwirizana ndi ofesi ija ngakhale pang'ono. Ukwati wa Jim ndi Pam, womwe tinaudikirira zaka zambiri, anayamba kuugwedeza dala kuti apeze cholemba. Ndikamaonera magawo amenewo ndimamva ngati ndalowa m'nyumba ya kwathu n'kupeza mukukhala anthu ena.

Chifukwa chake ndi ndalama za otsatsa malonda basi, ndipo sinditaya nthawi pamenepo. Chimene chikundikwiyitsa n'chakuti kusiya n'kotheka, ndipo alipo amene anasiya. Mr. Bean ya Rowan Atkinson, imene ana amaseka nayo mpaka lero ngakhale samva Chingerezi, ili ndi magawo 15 okha. Fawlty Towers ya John Cleese ili ndi magawo 12, asanu ndi limodzi mu 1975 ndi ena asanu ndi limodzi mu 1979, ndipo palibe gawo limene ungalidumphe. Jerry Seinfeld anatseka sewero lake mu 1998 lili pamwamba pa masewero onse a ku America, akuluakulu a kampani ya kanema ya NBC akumunyengerera ndi ndalama zochuluka kuti apitirize. Anthu amenewa ankadziwa zimene makolo athu ananena, kuti ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere. Enawa kunawachera ali pabwalo, dzuwa linawatulukira aliyense akuwaona, koma anapitiriza kuvina.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti ngati sizikukusangalatsa ungozimitsa, palibe amene wakukakamiza. Mawu amenewo amalankhula ndi munthu amene sanakondepo sewero. Ukayenda ndi anthu awa zaka zisanu ndi zitatu za nkhani yawo, umafuna kudziwa kumene athere, ndipo opanga sewero amadziwa kuti sungachoke msanga, n'chifukwa chake amakudyera masuku pamutu. Choipa kwambiri n'chakuti masizoni oola aja amabwerera m'mbuyo kukaipitsa abwino aja. Lero sindingathenso kuonera Alan wa mu 2003 akulowa m'nyumba ya mkulu wake ndi chikwama m'manja popanda kukumbukira chimene adzasanduke. Sindingathenso kuseka Jake wamng'ono uja ali pa tebulo la kukhitchini ndi Berta, wantchito wa m'nyumbamo, popanda kuganiza za mmene adzamutayire. Anandilanda ngakhale zimene anali atandipatsa kale, ndipo ichi ndicho sindingawakhululukire. Mlamu wanga akuti timalize magawo otsalawo poti tafika kale kutali, koma ine ndawauza kuti amalize okha.

Ndipo ngati kukoka sewero lodwala sikukukwanira, masiku ano ayamba kufukula ngakhale amene anagona mwamtendere. Full House inatha mu 1995, koma mu 2016 Netflix inaibweretsanso ndi dzina lakuti Fuller House, m'nyumba yomwe ija ya ku San Francisco, ana aja atasanduka makolo n'kumabwereza mawu amene ankanena ali aang'ono kuti anthu awombe m'manja. Frasier inayenda masizoni 11 kuyambira 1993 mpaka 2004 ndipo inatsanzika bwino lomwe, komabe mu 2023 anaidzutsa. David Hyde Pierce, amene ankasewera Niles, mng'ono wa Frasier, sanabwerere, ndipo John Mahoney, amene ankasewera bambo wawo Martin, anali atamwalira kale mu 2018. Kodi Frasier wopanda mng'ono wake ndi bambo ake atiseketsa ndi chiyani? Aliyense amene anaonera sewero loyamba lija akudziwa kuti kukoma kwake kunali pa ana awiri odzikweza ndi bambo wawo wapolisi wopuma pa ntchito, atakhala pa mpando wake wakutha uja ndi galu wake Eddie. Anachotsa zonsezo, anasiya dzina lokha, ndipo patangopita masizoni awiri kampani ya Paramount+ imene inkalionetsa inalisiya.