Kujambulitsa chithunzi cha banja kwandilemetsa mtima

Tinagwirizana pa gulu la banja la WhatsApp kuti pa Khirisimasi tijambulitse tonse pamodzi ndi agogo, poti zaka zawo zapita. Maganizo abwino ndithu. Koma nkhani ya zovala!

Alamu anga anati tonse tisoketse nsalu imodzi. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, nkugula chitenje chobiriwira cha maluwa. Nditatumiza chithunzi chake, achemwali akuti mtunduwo suwakhala. Nanga osanena bwanji ndisanatulutse ndalama?

Atelala nawonso, "mubwere mawa" mpaka milungu iwiri. Tsiku lojambula, malaya a bambo a kunyumba analibe mabatani, diresi la mwana likuthina m'khwapa. Magetsi anazima m'mamawa, ndinasita ndi ayironi ya makala, uku ndikuuzira phulusa kuti lisagwere pa kolala.

Chinandiwawa kwambiri ndi ichi: agogo anasamba 7 koloko, kumanga duku lawo bwinobwino, nkukhala pampando pansi pa mtengo wa mango kudikira. Ena anafika cha m'ma 3 koloko, ana atadya kale mango mpaka zovala kuthimbirira pachifuwa. Achimwene anatulukira atavala jezi ya mpira, malaya osoketsa aja akuti anawaiwala ku Lilongwe.