Inu mabwana, lekani kuzunza amayi oyembekezera

Ndikulankhula ndi inu mabwana, makapitawo, ndi inu nonse amene mumatsinana mnzanu akangoyamba kuoneka kuti ndi woyembekezera. Mwanyanya, ndipo pa msinkhu wangawu sindingangokhala chete.

Mwana wa eni wagwira nanu ntchito zaka zisanu osajomba. Lero pakati paoneka, mwayamba manong'onong'o: ati wasanduka mlesi, ati mutu sukugwiranso, ati akungoyasamula. Udindo umene unali wake mwaupereka kwa wina mwakachetechete. Wina akabwera kudzafunsira ntchito, maso anu ali pamimba, mapepala ake osawayang'ana n'komwe. Manyazi mulibe?

Ndinamuona wina ndi maso angawa, mapazi atatupa, nsapato ataziponda kuchidendene chifukwa sizikulowanso, ali chiimire pakauntala kuyambira m'mawa. Mpando unalipo, koma ankaopa kuupempha. Miyezi isanu yathunthu anabisa pakati m'zovala zazikulu, kusikelo osapondako, kuopa kuti bwana afunsa komwe akupita. Chonsecho bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO kuyambira 2016 limalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi azaumoyo maulendo osachepera 8. Kuthamanga kwa magazi kumagwidwa kusikelo komweko, ndipo sikudikira kuti bwana akhale pabwino. Atakomoka pakauntala paja mukanati walodzedwa, pomwe mfiti zake ndinu.

Musaganize kuti tchuthi cha uchembere ndi chifundo chanu. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linayamba kuteteza amayiwa mu 1919, agogo anu asanabadwe. Pangano lake nambala 183 la mu 2000 limati tchuthicho chisachepere masabata 14, ndalama zolandira pa tchuthi zisachepere magawo awiri mwa atatu a malipiro ake, ndipo akabwerako apeze ntchito yake kapena yofanana nayo. Limaletsanso kuyeza mimba munthu wofunsira ntchito, kupatula pa ntchito zoika moyo wa mayi kapena mwana pachiswe. Mukamuchotsa ntchito, ndinu muyenera kupereka umboni woti chifukwa chake si pakati. Mphindi zoyamwitsa nazo zimawerengedwa ngati nthawi ya ntchito.

Nanunso amayi anzake, amene munadutsa njira yomweyi, mukundikhumudwitsa kwambiri. "Ife tinkagwira mpaka tsiku lochira," mumatero, ngati kuvutika kwanu kunali mpikisano. Matupi amasiyana, ana anga. Mawa akafika nseru itamugwira, musunthireni mpando, katoni yolemerayo nyamulani inuyo, ndipo tsiku la sikelo asachite kulipempha mogwada.