Haidrojeni tiyambe kumuganizira pa feteleza, za galimoto zidikire

Mnzanga wina wanditumizira kanema pa WhatsApp wa galimoto ya Toyota Mirai ikudontha madzi kumbuyo m'malo mofuka utsi. Pansi pake walemba kuti, "Achimwene, za mizere ya petulo zatha basi." Chimwemwe chakecho ndachimvetsa, pakuti amene anagonapo pamzere kudikira mafuta amalakalaka chilichonse chomuchotsa pamenepo. Koma ine ndikuona mosiyana naye.

Galimoto imeneyi imayendera haidrojeni kudzera mu kachipangizo kamene amakatcha fuel cell, komwe kamagwira ntchito mosavuta kumva. Mpweya wa haidrojeni umakumana ndi okosijeni wa mumpweya timapumawu, popanda moto, ndipo pamatuluka magetsi, kutentha ndi madzi. Si zatsopano ayi. William Grove anazionetsa ku Britain mu 1839, ndipo zombo za Apollo zopita kumwezi zinkapeza magetsi motero, anthu a m'zombozo n'kumamwa madzi otuluka momwemo. Luso limeneli ndimalikonda ndithu.

Pagona nkhani ndi apa: haidrojeni satungidwa pachitsime, amachita kupangidwa. Wambiri amene akugwiritsidwa ntchito lero amachokera ku gasi wa pansi pa nthaka ndi malasha, ndiye kuti utsi tikuuthawawo umangotulukira kufakitale. Waukhondo amapangidwa kuchokera m'madzi, pogwiritsa ntchito magetsi kumulekanitsa ndi okosijeni. Tsono ukatenga magetsi kupanga haidrojeni, kumupanikiza m'mathanki, kumunyamula, n'kumusandutsanso magetsi m'galimoto, ofika kumateyala amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ena onse atayika panjira. Magetsi omwewo ukawaika m'batire, ofika kumateyala amaposa pamenepo kawiri.

Mayiko olemera ayesa kale, ndipo tiyeni tione zomwe akumana nazo. Japan inayamba kugulitsa Mirai mu 2014, ndipo mu 2017 boma lake linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya haidrojeni, koma mpaka pano galimoto zoterezi n'zowerengeka pamsewu. Ku California kampani ya Shell inatseka malo ake omwetsera haidrojeni galimoto zing'onozing'ono mu February 2024, eni galimoto n'kutsala manja ali m'khosi. Mzinda wa Montpellier ku France unali utakonza zogula mabasi 51 a haidrojeni, koma mu 2022 unasintha maganizo utawerengera n'kupeza kuti kuwayendetsa kudzadula kwambiri kuposa mabasi a batire. Ya ku Germany ndiyo imandikhudza. Sitima zapamtunda za Coradia iLint, zoyendera haidrojeni zopangidwa ndi kampani ya Alstom, zinayamba kunyamula anthu ku Lower Saxony mu 2018, dziko lonse n'kuombera m'manja. Pofika 2023 eni ake omwewo analengeza kuti sitima zomwe adzagule mtsogolo zidzakhala za batire chifukwa n'zotchipa kuyendetsa. Amenewa ndi anthu a ndalama, a magetsi osazimazima, koma masamu anawakanika.

Sindikunena kuti fuel cell ilibe malo. M'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu za Amazon ndi Walmart ku America, timakina tonyamula katundu timayendera haidrojeni, chifukwa kumwetsa kumatenga mphindi zochepa pomwe kutchaja batire kumaimitsa ntchito. Ku mgodi wa Mogalakwena ku Limpopo, kampani ya migodi ya Anglo American inaonetsa mu May 2022 chigalimoto choyesera choyendera haidrojeni, chonyamula matani 290. South Africa ili ndi chifukwa chomveka cholimbikira zimenezi: fuel cell zambiri zimafuna chitsulo chamtengo wapatali chotchedwa pulatinamu, ndipo pulatinamu wochuluka wa padziko lonse amakumbidwa komweko, wina ku Zimbabwe. Abale athu amene akugwira ntchito m'migodi imeneyo nkhaniyi ikukhudza mphika wawo.

Nanga ife kuno? Tisaiwale kuti mu January 2022 namondwe wa Ana atawononga Kapichira tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbuka mdima umene unatsatira. Kumidzi anthu ambiri sanaonepo babu ikuyaka m'nyumba mwawo. Dziko lotere silingataye magawo awiri mwa atatu a magetsi ake pofuna kuyendetsa galimoto za anthu ochepa m'tauni. Zimenezo zingandipweteke mtima.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi feteleza. Ambiri sadziwa kuti thumba la yureya limayambira pa haidrojeni. Amamuphatikiza ndi naitrojeni wa mumpweya kupanga amoniya, ndipo amoniyayo ndiye tsinde la feteleza wobereketsa amene timamulirira chaka chilichonse, amene amatidyera ndalama zakunja, n'kufikanso mochedwa chimanga chitayamba kale chikasu. Ndipo kuno kummwera kwa Africa zinachitikapo. Ku Kwekwe m'dziko la Zimbabwe, kampani ya Sable Chemicals inkapanga haidrojeni kuchokera m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi a ku Kariba kuyambira 1972, n'kumapanga amoniya wa feteleza wa alimi a kumeneko. Inagwira ntchito imeneyi zaka zoposa 40, dzina loti haidrojeni waukhondo lisanatchuke. Makinawo anazimitsidwa mu 2015 magetsi atayamba kusowa ndi kudula. Luso linalipo, anthu odziwa ntchito analipo, chimene chinatha ndi magetsi.

N'chifukwa chake ndikamva za damu la Mpatamanga pa Shire, lomwe akuti lidzapereka mamegawati pafupifupi 350, kapena za minda ya sola ngati wa mamegawati 60 wa ku Salima, ndimawerengera motere: nyumba ziyake kaye, zipatala, zigayo ndi mapampu othirira. Masana dzuwa likaswa mtengo magetsi n'kutsalako, amenewo apite ku kafakitale ka amoniya. Mnzanga uja ndamuyankha kuti Mirai adikire kaye, ine ndikufuna ndidzaone amayi kumudzi akugula thumba lolembedwa kuti lapangidwa ku Malawi, mvula yoyamba isanagwe.