Tifunseni kaye musanayambe kutiyesa

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo azakhali anga akhala pansi pa mtengo wa mango pa kiliniki ya kwathu, kunja kwa Chipata, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuyankha anyamata a kafukufuku obwera ndi matabuleti. Mumagona mu neti? Mumayenda maola angati kufika kuno? Adinda chala papepala. Ndiye atati anene zawo, zoti mtsinje ukadzaza mu Januwale ngolo siwoloka ndipo mayi wapakati amachirira kutsidya, mnyamata akuti, "Amayi, funso limenelo mulibe muno."

Mulibe! Analemba mafunsowo ndani? Anayamba wawolokapo mtsinje umenewo?

Kuyesa sindikukana ayi. Makiliniki ena apatsidwe njira yatsopano, ena apitirize yakale, kenako muyerekeze kuti taone kumene amayi ndi ana apulumuka. Popanda zimenezo aliyense angamangotama pulojekiti yake. Koma chimene mukuyesacho chichokere kwa eni matenda. Funsani kaye. Khalani pamphasa ndi amfumu, ndi a SMAG, anthu odzipereka a m'mudzi oona za uchembere wabwino, amene amaperekeza amayi usiku, ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, ndi nesi amene ali yekhayekha pa kiliniki. Iwo anene pamene pakuwawa, inu mubweretse sikelo yanu. Safunsa adadya phula.

Ndipo musandiuze kuti sizitheka, zinachitika konkuno. Pamene a kafukufuku ena ankakonza nyumba za chidikiro za amayi apakati ku Nyimba ndi ku Lundazi, pamodzi ndi maboma ena a ku Southern ndi ku Luapula, anayamba ndi kufunsa amayi, amuna awo ndi mafumu chimene chinkawaletsa kukadikira pafupi ndi chipatala. Nkhani zake zinali za chitseko chokhoma, chimbudzi, pophikira, kuwala usiku, matiresi ndi neti. Atamva zimenezo ndiye anakonza nyumbazo pa makiliniki 20, n'kuyerekeza ndi ena 20. Anayamba ndi khutu, manambala anabwera pambuyo. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Mwina opereka ndalama amawathamangitsa, zawo zimenezo. Ine ndikuti munthu amene simunamufunse musamuwerenge. Mukafika mafunso mutatsekera kale ku Lusaka, mupeza yankho lolondola la funso lopanda ntchito, n'kumadabwa kuti anthu akumidzi samva. Amamva bwinobwino, ndinu amene simunamvetsere.

China chondinyansa: zotsatira zimapita kuti? Magazi mutenga, mayina mulemba, zithunzi mujambula, koma sindinaone galimoto ija ikubwerera kudzauza mudzi zimene mwapeza. Timangomva kuti kuli workshop ku lodge m'tauni muno, anthu asainira ma allowance, adya nkhuku. A SMAG amene anakulozerani makomo, njinga zawo zilibe ngakhale machubu.