Lusaka ndi Lilongwe, malikulu omwe matimu awo amasewera ngati alendo pakhomo

Ine ndine wa City of Lusaka, Ya Moto, timu ya mizere yakuda ndi yoyera ya pa Woodlands. Bambo anga ankaichemerera, ine ndinaipeza m'nyumba, ndipo sindinaganizepo zoisiya ngakhale kuti ligi inaitenga kamodzi kokha, mu 1964, chaka chomwe dziko lino la Zambia linalandira ufulu. Chiyambire nthawi imeneyo yakhala ikukwera ndi kutsika, ife tili nayo pambuyo. Choncho muwerenge mukudziwa kuti wolembayu ali ndi mbali.

Chomwe chimandiwawa si kugonja ayi. Ndi tsiku lomwe Nkana, timu yofiira ya ku Kitwe, yabwera kudzasewera muno mu Lusaka. Kuyambira m'mawa maminibasi ochokera ku Matero, ku Chawama ndi ku Kanyama amakhala ofiira okhaokha, mbendera zili pawindo, ng'oma zili pamiyendo. Pofika pabwalo mbali yaikulu ndi ya Kalampa, dzina lina la Nkana, ndipo timu yomwe akuti ili pakhomo imalowa anthu akuikuwiza. Mukawayang'anitsitsa ochemererawo, ambiri sanachokere ku Kitwe. Ndi anzathu omwe timagula nawo tomato pamsika wa Soweto, sabata yonse timalankhula nawo Chinyanja, koma tsikulo nyimbo akuyimba m'Chibemba, misozi ili m'maso.

Nkhaniyi inayambira kumigodi. Ku Kopala, chigawo cha migodi cha Copperbelt, makampani a mkuwa ankamanga nyumba, chipatala, malo achisangalalo ndi bwalo la mpira, ndipo timu inali ya anthu okhala pamenepo. Nkana inayamba mu 1935 ikutchedwa Rhokana United. Luanshya inali ndi Roan United, yomwe inatenga ligi yoyamba mu 1962. Mufulira inali ndi Wanderers pa Shinde, Chingola inali ndi Nchanga Rangers. Wosewera ankatsika mumgodi limodzi ndi omwe adzamuwombere m'manja Loweruka, ndipo akataya chigoli ankadziwa kuti Lolemba akayankha mafunso kuntchito. Lusaka, yomwe inakhala likulu chaka chomwecho cha 1935, inakula ndi maofesi. N'chifukwa chake matimu athu akuluakulu ndi a mabungwe: Green Buffaloes ndi ya asilikali, Red Arrows ya asilikali a ndege, Nkwazi ya apolisi, Zanaco ya banki, NAPSA Stars ya bungwe la penshoni. Amasewera bwino, amalipira osewera, koma mwana wa ku Mtendere alibe chifukwa cholirira banki.

Migodi ya ZCCM, kampani ya boma ya mkuwa, itagulitsidwa cha m'ma 2000, matimu a ku Kopala anavutika kwambiri. Nkana inatenga ligi mu 2001, kenaka inakhala osaikhudzanso mpaka 2013. Apa m'pamene zikho zinatsikira kuno: Zanaco inatenga mu 2002, 2003, 2005 ndi 2006, Red Arrows mu 2004. Zikho zinabwera, koma anthu sanabwere nazo. Ndipo omwe ntchito inawathera kumigodi n'kusamukira kuno anabwera ndi matimu awo mumtima, ana awo n'kutengera pomwepo.

Ndinkayesa kuti ili ndi vuto la Lusaka yokha mpaka nditayamba kucheza za mpira ndi alamu anga. Iwo anabadwira ku Kawale mu Lilongwe, ku Blantyre sanakhaleko, koma jezi yomwe anabwera nayo kuno, yomwe amaichapa okha osalola wina kuigwira, ndi yofiira ya Bullets, timu ya ku Blantyre yomwe amaitcha Maule. Tsiku lina tili pakhonde, foni yawo ikuulutsa masewero a kwawo, ndinawafunsa kuti, "Alamu, nanga Silver Strikers si ya kwanu konko ku Lilongwe?" Iwo anatsitsa kaye mawu a foniyo. "Alamu, Silver ndi ya a Reserve Bank. Ife kwathu tonse ndife Maule, kuyambira agogo."

Mukayang'ana bwino, Lilongwe ndi mbale wake wa Lusaka. Inakhala likulu mu 1975 boma litasamuka ku Zomba, ndipo matimu ake ndi a mabungwe ngati athu: Silver ya banki yaikulu, Civo ya ogwira ntchito m'boma, Blue Eagles ya apolisi, Kamuzu Barracks ya asilikali. Nawonso zikho amatenga, Kamuzu Barracks mu 2016, Silver mu 2024. Bwalo lalikulu la Bingu, lomwe linatsegulidwa mu 2017, lili komweko, monga Heroes Stadium ili kuno. Koma mtima wa mpira uli ku Blantyre, mtunda woposa makilomita 300, monganso Kitwe ilili kwa ife.

Kufanana kukuthera pamenepa. Ku Malawi matimu awiri a mzinda umodzi wa Blantyre, Bullets ndi Wanderers, anagawana dziko lonse. Kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa funso n'lakuti ndiwe wofiira kapena wabuluu, Maule kapena Manoma (dzina lina la Wanderers), ndipo komwe munthu akukhala kulibe kanthu. Mayina a matimuwo asintha kambirimbiri malinga ndi yemwe akupereka ndalama. Bullets yakhalapo Bata, Total, Bakili ndi Nyasa. Wanderers ya pa Lali Lubani yakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. Makampani amabwera n'kupita, ochemerera ali pomwepo. Bullets itafika m'magulu a CAF Champions League mu 2004 ndi thandizo la Bakili Muluzi, inadzakhala zaka zingapo yopanda kampani yoiyimira kumbuyo, koma sinafe chifukwa eni ake enieni anali anthu. Izi ndimazisirira kwambiri. Kuno bungwe litati lero latopa ndi mpira, matimu ena a mu Lusaka akhoza kutha popanda oyenda mumsewu kuwalira.

Kwathu kuno chikondi cha timu chili ndi kwawo. Wa ku Mufulira ndi wa Mighty Mufulira Wanderers, wa ku Kabwe ndi wa Warriors, wa ku Chingola ndi wa Nchanga, ngakhale timuyo itatsika. Kitwe yeniyeniyo ndi yogawika: Wusakile ndi ya Nkana, ku Ndeke pa Arthur Davies ndi kwa Power Dynamos, Aba Yellow. Kwa ine njira yathuyi ndi yomwe imakuza mpira, chifukwa tauni iliyonse imafuna kulera akatswiri ake. Godfrey Chitalu anagoletsa zigoli 107 mu 1972 ali ku Kabwe Warriors, timu ya anjanji. Kalusha Bwalya, yemwe anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa mu 1988, anatulukira ku Mufulira. Nkana inafika fainolo ya chikho cha akatswiri a mu Africa mu 1990 n'kugonja pa mapenate ndi JS Kabylie ya ku Algeria, ndipo chaka chotsatira Power Dynamos inatenga African Cup Winners' Cup. Ndola nayo inadzuka ndi ZESCO United. Ligi yathu munthu sungalumbire kuti ipita kuti. Ku Malawi Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana pakati pa 2018 ndi 2023 pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa, ndipo mnyamata akangowala ku timu yaing'ono, maso ake amakhala pa Bullets, Wanderers kapena Silver basi. Alamu anga amati umenewo ndiye ukulu. Ine ndimati mphika umodzi ukamadzaza wokha, mbale za ena zimagona ndi njala.

Wina anganene kuti likulu lililonse limatero, koma Harare ikukana. Dynamos inabadwira ku Mbare, komboni ya mu Harare, mu 1963, pakati pa anthu wamba, ndipo mpaka lero ndi timu ya anthu mkati mwa likulu. Kungoti mkangano wake ndi Highlanders ya ku Bulawayo umanyamula zilonda za mitundu ndi ndale, zomwe sindingafune kuti zifike kuno.

Ife tili ndi mwayi wa chimbuya. A Chibemba ndi ife a kum'mawa timanyozana ngati asuweni, iwo amatinena za mbewa, ife timawanena za anyani, ndipo zimathera kuseka ngakhale pamaliro. Mzimu womwewo umalowa m'bwalo. A Kopala amati Lusaka ili ndi ndalama koma mpira siudziwa, ife timati iwo amadya mbiri yakale. Ndimapsa mtima, koma chidani sindingakhale nacho. Pafupi ndi Independence Stadium, muno mu Lusaka, pagona anthu 30 omwe anafa pangozi ya ndege ku Gabon mu April 1993, mwa iwo osewera 18 ndi Chitalu yemwe, amene panthawiyo anali mphunzitsi. Ambiri anali ana a ku Kopala, ndipo manda awo tikusunga ndife. Mu 2012 Stoppila Sunzu atamwetsa penate yomaliza ku Libreville, n'kugonjetsa Ivory Coast 8-7, palibe anafunsa mnzake kuti ndiwe wa Nkana kapena wa City.

Chomwe ndikufuna n'chakuti Lusaka ikhale ndi timu yomwe komboni ingaitche yake, monga Mbare ilili ndi Dynamos, Wusakile ndi Nkana, Ndirande ndi Bullets. City ndi yomwe ingathe, chifukwa dzina lake ndi la mzinda wonse, si la ofesi. Koma Woodlands ndi kumayadi. Mnyamata wa ku Kanyama ayenera kukwera minibasi kupita m'tauni, kukweranso ina, kulipira pachipata, n'kusunganso yobwererera, pomwe pa shopu ya pakona akuonetsa Arsenal ndi Chelsea pamtengo wa botolo limodzi la zakumwa. Oyendetsa matimu a kuno azipita nawo kukachita masewero okonzekera ku Matero ndi ku Chawama, azilowetsa ana a sukulu ulere, azitenga osewera m'mabwalo afumbi momwemo kuti mayi wogulitsa makala adziwe kuti nambala 9 ndi mwana wa neba wake. Ana omwe akukula lero ku Kalingalinga sanasankhebe timu, ndipo ngati ife sitiwafikira, a Kalampa awafikira.